Masamba timadya tsiku lililonse, nde bwanji a China akutisiya kutali chonchi?

Mukatsegula mawerengero a FAO, bungwe lija la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, n'kuyang'ana kuti munthu m'modzi zimamugwera ndiwo zamasamba zochuluka bwanji pa chaka, China imapezeka kumwamba kwenikweni, makilogalamu opitirira 300 pa munthu, ndekuti pafupifupi kilo yathunthu tsiku lililonse kuyambira khanda mpaka gogo. Pafupi nawo pamabwera maiko oti ambirife sitingawaganizire n'komwe, a Albania, a Armenia, a Turkey, a Uzbekistan, amene si maiko a ndalama zoopsa ayi. America ndi chuma chake chonse chija siyifika olo theka la China. India, kumene anthu mamiliyoni ambirimbiri sakhudza nyama moyo wawo wonse, nayonso siyifika theka, chifukwa kusadya nyama sikutanthauza kuti ukudya masamba, iwo aja amakhutira mpunga, chapati, mphodza ndi mkaka. Mukamatsika mpaka kumunsi ndi komwe mumapeza maiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara kuno, ena ngati Chad osafika ndi makilogalamu 20 omwe chaka chathunthu.

Mmalawi akamva zimenezi choyamba amakwiya kaye. Amati abale, ife masamba atitopetsa, nkhomaliro mpiru, madzulo repu, mawa lake nkhwani, nde wina akhale ku ofesi ku Rome n'kumalemba kuti sitidya masamba? Ndipo kukwiyako kuli ndi pogwira. FAO siyiyenda m'makomo n'kumayeza mbale. Amatenga zimene dziko lakolola, n'kuphatikiza zolowa kuchokera kunja, n'kuchotsa zogulitsa kunja, za mbewu, za ziweto ndi zoonongeka zisanafike pa msika, zotsalazo n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu, basi. Nde tomato, anyezi ndi kabichi zimawerengeka bwino chifukwa zimakwera lole ndipo zimalimidwa pa munda wake woti mlangizi akhoza kuuyeza, koma chisoso chimene mayi wathyola pobwera kolima, bonongwe womera yekha kuseri kwa khola, luni, denje, khwanya ndi chitambe zothyola m'munda wa chimanga momwemo, bowa wa mu Januwale, izi palibe amene amaziika pa sikelo. Ofesi yathu yoona za ziwerengero ya NSO ku Zomba ikamapanga kafukufuku wake wa m'makomo imafunsa bwinoko, zimene banja ladya masiku 7 apitawo, ndipo nkhwani ndi masamba akutchire ali ndi mzere wawowawo pa fomu. Kumbali inayo nambala ya China nayonso ndi yofufuma, ikuwerenga zonse zofika pa msika kuphatikizapo zimene zimakathera mu bini, ndipo akafufuza m'makomo amapeza kuti zolowa m'kamwa ndi zochepa kwambiri kuyerekeza ndi kilo ija.

Koma ine ndikukana kuti tidzipepese nazo zimenezi. Olo mutabwezeramo chisoso chonse ndi bonongwe yense amene sanawerengedwe, mpatawo ndi waukulu moti sungatsekeke. Vuto lathu ndi loti timasokoneza kudya kawirikawiri ndi kudya zambiri. Timadya masamba tsiku ndi tsiku inde, koma pang'onong'ono.

Taonani mmene zimakhalira. Mayi akhala pa mkeka ndi lichero lodzadza nkhwani, mpaka zina zikugwera pansi, akusadzula tsamba limodzilimodzi kuchotsa mitsitsi ija ya ku mphata, kenako kufumbata m'manja n'kumadula tiziduswa. Ukaona mulu umenewo umati lero kuli ndiwo. Zikalowa mu poto zimafota, akathira tomato ndi nsinjiro n'kupakula, zonse zija zakwana m'kambale kamodzi, ndipo kambale kameneko kakudikira anthu asanu ndi m'modzi kapena kuposa. Mwana akasusa mozama dzanja limamenyedwa, akuti ukumaliza ndiwo iwe, susa pang'onopang'ono nsima idakalipo. Tinaphunzitsidwa choncho tonse, kuti ntchito ya ndiwo ndi kutsitsira nsima basi, ndipo amene amadya ndiwo zambiri ndi wadyera, wopanda mwambo. Nde mitanda ya nsima munthu akhoza kudya itatu palibe omudzudzula, koma masamba masipuni awiri akwana.

Tsopano tengani muyeso wa WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse. Kuyambira 2003 akhala akunena kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba pa tsiku, pa chaka amenewo ndi makilogalamu 146, ndipo mbatata, mbatatesi ndi chinangwa samaziwerengera, nde a tchipisi musasangalale. Masipuni awiri aja a nkhomaliro ndi awiri a madzulo ali kutali ndi pamenepo, pokhapokha ngati ndi nthawi ya mango pamene tonse timapyola muyesowo osadziwa. WHO yomweyo inati m'chaka cha 2017 imfa pafupifupi 3.9 miliyoni pa dziko lonse zinakhudzana ndi kusadya zipatso ndi masamba mokwanira. Kuno kafukufuku wa zaumoyo m'makomo wotchedwa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ana 63 pa 100 ali ndi vuto la kuchepa magazi, azimayi ndi m'modzi mwa atatu. Sindikunena kuti zonsezi ndi masamba okha, malungo alipo, njoka zam'mimba zilipo, umphawi ulipo, koma mbale yoti nsima yatenga malo onse ili nawo mlandu ndithu.

Wina anena kuti ndi umphawi basi, tikadzalemera tidzadya. Apa nde pamene mndandanda wa FAO uja umathandiza, chifukwa ukutsutsa zimenezo poyera. Ku America bungwe lawo la zaumoyo la CDC linapeza kuti munthu wamkulu m'modzi yekha mwa 10 ndi amene amadya masamba okwanira, ndipo zimene iwo amawerenga ngati ndiwo zamasamba zodyedwa kwambiri ndi mbatatesi ndi tomato, zambiri zake tchipisi ndi sosi wa m'botolo. Mu 2011 nyumba yawo ya malamulo inachita kukangana nkhani yoti tomato wopaka pa pizza azipitiriza kuwerengedwa ngati ndiwo zamasamba pa chakudya cha ana ku sukulu, ndipo a pizza anawina, zoona zake. Ku Britain boma linayambitsa kampeni ya 5 A Day mu 2003, magawo asanu a magalamu 80 pa tsiku, zikwangwani mbwee m'mashopu ndi m'zipatala, koma mpaka lero ofika pa muyesowo safika olo m'modzi mwa atatu. Abale athu amene ali ku Leicester kapena ku Manchester akuuzani okha, masamba ali m'shopu chaka chonse koma munthu akuweruka shifiti usiku amangotenthetsa za m'paketi. Olo a Japan amene timawatama aja anadziikira magalamu 350 a masamba pa tsiku kuyambira chaka cha 2000 ndipo sakufikabe. Nde ndalama pazokha sizibweretsa masamba pa mbale. Munthu wa ku Albania kapena ku Uzbekistan amalandira zochepa kwambiri kuyerekeza ndi wa ku London koma akumuposa, chifukwa kwawoko tomato, nkhaka, tsabola, mabiringanya ndi kabichi ndi chakudya chenichenicho, osati zokongoletsera.

China nde ndimafuna tiyiyang'ane bwino, chifukwa sikuti anabadwa nazo. Kumpoto kwa dzikolo kumazizira moti nthaka imauma gwa miyezi ingapo, ndipo mpaka m'ma 1980 anthu a ku Beijing nyengo yonse ya chisanu ankadalira mtundu umodzi wa kabichi, wofanana ndi chayinizi wathuyu koma wamutu, ankagula mulu waukulu mu Novembala n'kuunjika pa khonde, m'masitepe, pa windo, kumadya womwewo mpaka kutenthe. Mu 1988 unduna wawo wa zaulimi unayambitsa pulogalamu imene anaitcha dengu la ndiwo, ndipo chimene chimandisangalatsa ine ndi mmene boma linadzagawira ntchito pambuyo pake. Mpunga ndi tirigu anati ndi udindo wa bwanamkubwa wa chigawo, koma dengu la ndiwo ndi udindo wa meya wa mzinda. Masamba akasowa kapena akakwera mtengo mu mzinda, woyankha ndi meya, ayenera kuonetsetsa kuti minda yozungulira mzinda ilipo, misika yopikulitsa ilipo, mayendedwe alipo. Chaka chotsatira, mu 1989, m'mudzi wa Sanyuanzhu ku Shouguang m'chigawo cha Shandong, mtsogoleri wa mudziwo Wang Leyi anakopa anzake kumanga ma greenhouse 17 a mtundu wina wake, khoma lochindikala la dothi kumpoto, pulasitiki mbali yoyang'ana dzuwa, khomalo limasunga kutentha masana n'kumakutulutsa usiku, osawotcha malasha. Anakolola nkhaka pakati pa nyengo ya chisanu, ndipo lero Shouguang ndi likulu la ndiwo zamasamba ku China konse. Dziko limeneli panopa limalima pafupifupi theka la masamba onse a pa dziko lapansi. Dothi, pulasitiki ndi munthu woti ayankhe zikavuta, palibe za matsenga apa.

Ife mdani wathu si chisanu, ndi chilimwe. Mvula imagwa kamodzi, Novembala mpaka Epulo, nthawi imeneyo masamba ali ponseponse mpaka ena timapalira ngati udzu. Ikangotha, amene ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje kapena ku dambo ndi amene ali ndi ndiwo zaziwisi, enawo ndi mfutso, nyemba, usipa ukapezeka. Pofika Okutobala timipukutu ta mpiru pa msika tachepa thupi, masamba anayi okha amangidwa ndi kaluzi mtengo uli womwewo kapena wakwera. Chonsecho gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko lino ndi madzi. Ndipo nthawi imene zachuluka zimaola, aliyense amene wadutsa pa Lizulu kapena pa Jenda nthawi ya tomato waona mabeseni ali ndandanda m'mbali mwa msewu, azimayi akuthamangira basi iliyonse, madzulo zotsala zikutayidwa chifukwa palibe posungira pozizira, palibe fakitale yapafupi yoti igule. Miyezi ingapo kutsogolo tomato yemweyo atatu okha mtengo wake ukuchita kuwawa.

Nanga boma maso ake ali kuti? Pa chimanga. Kuyambira 2005 ndi pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya FISP, 2020 n'kubwera AIP, ndalama zankhaninkhani za unduna wa zaulimi zakhala zikupita ku feteleza ndi mbewu ya chimanga, ndipo chisankho chilichonse mkangano umakhala wa mtengo wa thumba la feteleza. Simunamvepo phungu akuimirira m'nyumba ya malamulo kufunsa kuti mbewu ya bonongwe ili kuti, kapena kuti mpukutu wa repu wafika pa zingati ku Ndirande. Njala kwa ife ndi kusowa kwa chimanga basi, nkhokwe ikadzadza timati chaka chino kuli bwino olo ana akudyera nsimayo madzi a mchere. Pa zipupa za ku sikelo pali chithunzi cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya, alangizi a zaumoyo amayesetsa ndithu kuphunzitsa, koma bajeti ikudziwa gulu limodzi lokha. Chimanga sindikuchinyoza ayi, munthu wanjala sungamuuze za saladi, ndipo masamba olo utadya beseni sungagwire nawo khasu tsiku lonse. Koma zaka zonsezi tathira ndalama mbali imodzi, ana opinimbira akadali ochuluka.

Za mtengo ndivomereze, ndi nkhani yeniyeni. Kafukufuku wina wamkulu wotchedwa PURE, amene anatuluka mu 2016 atayenda m'maiko 18, anapeza kuti m'maiko osauka kuti aliyense pa banja adye magawo awiri a zipatso ndi atatu a masamba pa tsiku zingadye pafupifupi 52 peresenti ya ndalama za banjalo, pamene m'maiko olemera ndi 2 peresenti yokha. Nde mayi wa ku Mtandire kapena ku Mbayani amene akugula kampukutu kamodzi ka anthu asanu ndi awiri si kuti sadziwa ubwino wa masamba, thumba ndi limene lakana. Koma zimenezi zikungotsimikiza mfundo yanga, kuti masamba ayenera kuchuluka ndi kutchipa chaka chonse, ndipo izi sizichitika ndi nyimbo za pa wailesi, zimafuna madzi, mbewu, msewu ndi msika.

Koma pali gulu lina limene thumba silinakane, ndipo ndi limene limandinyansa kwambiri, ifeyo a m'tauni amene tayamba kuonako kandalama. Munthu akangolembedwa ntchito chinthu choyamba kuchoka pa mbale ndi masamba. Mumamva munthu akudandaula kuti dzulo tagonera masamba, ngati wagona ndi njala. Mlendo akabwera n'kumuphikira chisoso chotendera, apongozi akamva amati mwatichititsa manyazi, nkhuku inasowa? Lowani mu lesitilanti iliyonse nthawi ya nkhomaliro muone mbale ikubwera, mitanda iwiri ikuluikulu, nthuli ya nkhuku kapena chambo, kenako pakona kasipuni kamodzi ka repu kongoti mbale ioneke yobiriwira, kali phee ngati mboni ya pa ukwati. Ukapempha kuti onjezerani masamba wogulitsa amakuyang'ana modabwa, pena amakupatsa ulere chifukwa kwa iye si chinthu choti n'kulipiritsa. Pa chiwaya ndi chimodzimodzi, tchipisi mulu, mafuta chuu, pamwamba katsinidwe ka kabichi ndi tomato. Kenako tikudabwa kuti BP ndi shuga zachuluka bwanji m'maofesimu.

Mfutso nde tinaupanga chinthu chochititsa manyazi. Agogo athu anali ndi njira yawo yothana ndi chilimwe, kuthyola chitambe, nkhwani kapena khwanya nthawi ya dzinja, kufutsa pang'ono m'madzi otentha, kuyanika pa mphasa, zikauma n'kukulunga m'masamba a msuku kupanga chikwatu, kupachika ku denga la khitchini kumene utsi umathamangitsa tizilombo. Mu Okutobala angomasula, kunyika, kutendera, ndiwo zapsa. A ku Zimbabwe ali ndi mufushwa wawo, nzeru yake ndi yomweyo. Tsopano yerekezani ndi a ku Korea. Iwonso vuto lawo linali lomwelo, miyezi yopanda masamba aziwisi, nde ankasonkhana mabanja kumapeto kwa chaka kuthira kabichi mchere ndi tsabola n'kusunga m'mitsuko, kimchi uja. Atalemera sanamutaye, anachita kupanga mafiliji apadera osungira kimchi, ndipo mu 2013 UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemba mwambo wokonza kimchi pamodziwo, umene amautcha kimjang, pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse. Bwana wa kampani ku Seoul amadya kimchi pa chakudya chilichonse osaona chachilendo. Kuno mwana wobadwira ku Area 47 chikwatu sakuchidziwa n'komwe, ndipo mayi ake akachilandira kuchokera kumudzi amachibisa alendo asachione.

Ndinenenso za soda, olo ena mukwiye. Therere ndi chigwada timathira soda kapena chidulo kuti zifewe, chabwino, koma ena afika pothira soda mu chilichonse n'kuwiritsa mpaka masamba asanduke phala, madzi ake n'kutaya. Soda ndi kuphika nthawi yayitali zimapha mavitamini ena, makamaka vitamini C. A China aja amangokazinga pa moto waukulu mphindi zochepa, masamba akadali obiriwira, komanso pa tebulo pamakhala mitundu iwiri itatu nthawi imodzi, nde munthu amadya zambiri osatopa nazo. Ife kudandaula kuti masamba atikola n'chifukwa choti ndi repu yemweyo, kaphikidwe komweko, sabata yonse, chonsecho mitundu tili nayo yambiri kuposa imene timagula.

Ndipo sitikufunika kupita ku Asia kuti tione kuti maganizo amasintha. Ku Kenya masamba achikuda ankanyozeka chimodzimodzi, aliyense ali pa sukuma wiki (masamba onga repu) ndi kabichi, koma akatswiri ngati Pulofesa Mary Abukutsa-Onyango analimbikira kwa zaka zambiri kufufuza ndi kuchulukitsa mbewu zake, lero bonongwe ndi luni zikugulitsidwa m'masupamaketi a ku Nairobi ndipo m'malesitilanti anthu amachita kuitanitsa. Ku Arusha ku Tanzania kuli nthambi ya World Vegetable Center imene imasunga mbewu za masamba a mu Africa muno. Apa ndi pafupi, basi imafika. Koma lowani mu shopu ya zaulimi kuno, mupeza mapaketi a repu, kabichi, tomato ndi anyezi, zambiri zochokera kunja, ukafunsa mbewu ya luni kapena denje amakuseka kuti zimenezo zimamera zokha.

Nde ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanabera a China chinthu chimodzi chokha, chija chopereka dengu la ndiwo kwa munthu woti tizimuloza chala. Mameya a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba timawadziwira pa nkhani za zinyalala ndi kuthamangitsa mavenda, koma makhonsolo omwewo amatolera ndalama ya tikiti kwa mayi aliyense wogulitsa masamba tsiku lililonse, mayi amene wakhala pansi padzuwa, akuwaza madzi a m'kabotolo pa mpiru wake kuti usafote isanakwane 12 koloko. Ndalama ya tikitiyo ibwerere ngati shedi, mpopi ndi chipinda chozizira pa misika ikuluikulu. Madambo ozungulira mizinda asiye kugawidwa mapuloti, chifukwa ndiwo za m'tauni zimachokera mmenemo. Pa ndalama za feteleza zija patapatulidwa kagawo kochepa kokha kugulira magulu a madimba mapampu a sola ndi mbewu za masamba athu, Okutobala angasinthe. Sukulu zogonera konko, zimene zimadyetsa ana nyemba ndi kabichi wamadzi teremu yonse, zipatsidwe lamulo la magalamu angati a masamba pa mwana pa tsiku ndipo zizigula kwa alimi oyandikana nazo. Ndipo chaka chilichonse mu Okutobala atolankhani azipita kwa meya ndi kampukutu ka mpiru m'manja, awerenge masamba ake pamaso pa kamera, amufunse kuti chaka chatha analipo angati ndipo mtengo unali bwanji.